Kukweza webusaiti pa makina ofufuzira

Kukweza webusaiti pa makina ofufuzira ndi ntchito yokonza webusaiti kuti izioneka pamwamba anthu akamafufuza zinthu pa intaneti kudzera pa Google, Bing kapena makina ena ofufuzira. Pa Chingerezi ntchitoyi imatchedwa search engine optimization, mwachidule SEO. Imakhudza zotsatira zimene makinawo amasankha okha mwaulere. Zotsatsa malonda zimene munthu amalipira kuti zioneke pamwamba pa tsamba ndi nkhani ina.

Ntchitoyi ndi yofunika chifukwa anthu ambiri amatsegula zotsatira zochepa zoyambirira ndipo safika pa tsamba lachiwiri la zotsatirazo. Webusaiti imene ili kutali pa mndandanda imakhala ngati golosale yomangidwa kumene sikudutsa anthu. Pali njira ziwiri zokwezera webusaiti. Njira zovomerezeka zimathandiza owerenga ndipo zimatsatira malamulo a makina ofufuzira. Pa Chingerezi zimatchedwa white hat. Njira zachinyengo zimafuna kupusitsa makinawo ndipo zimatchedwa black hat. Webusaiti yogwiritsa ntchito njira zachinyengo ikhoza kutsitsidwa pa mndandanda kapena kuchotsedwapo. Pa dziko lonse, pafupifupi kufufuza 9 mwa 10 kulikonse kumachitika pa Google, n'chifukwa chake nkhani zambiri za SEO zimanena za malamulo a kampaniyi.

Momwe makina ofufuzira amagwirira ntchito

Munthu akalemba mawu pa Google, makinawo sayamba kuyendera intaneti yonse nthawi yomweyo. Amayang'ana m'nkhokwe yawo ya masamba imene anasonkhanitsa kale. Ntchitoyi ili ndi magawo atatu.

Gawo loyamba ndi kuyendera masamba. Pali mapulogalamu otchedwa crawler, monga Googlebot ya Google ndi Bingbot ya Microsoft, amene amatsegula tsamba, kuwerenga zimene zilipo, kenako n'kutsatira malinki a pa tsambalo kuti apeze masamba ena. Tsamba limene silinalumikizidwe ndi tsamba lina lililonse limavuta kulipeza.

Gawo lachiwiri ndi kusunga. Makina amaunika mawu, zithunzi, mutu ndi chilankhulo cha tsamba, kenako amalisunga m'nkhokwe imene imatchedwa index. Si tsamba lililonse limene limasungidwa. Masamba ofanana ndendende ndi ena, masamba opanda kanthu ndi masamba amene mwini wake waletsa kuti asasungidwe amasiyidwa.

Gawo lachitatu ndi kusanja. Munthu akafunsa funso, makina amasankha masamba oyenera m'nkhokwe muja n'kuwaika pa mndandanda. Amayang'ana zinthu zambiri: tanthauzo la funso, kugwirizana kwa tsamba ndi funsolo, kudalirika kwa webusaiti, malinki ochokera kwina, liwiro la tsamba, chilankhulo komanso dera limene wofunsayo ali. Ichi n'chifukwa chake munthu wa ku Migowi ndi munthu wa ku Johannesburg akhoza kulemba mawu ofanana koma n'kulandira zotsatira zosiyana. Makampani saulula ndondomeko yonse ya masanjidwe awo, ndipo amaisintha kambirimbiri chaka chilichonse.

Mbiri

Pulogalamu yoyamba yofufuzira pa intaneti inali Archie, imene Alan Emtage anapanga mu 1990 ali pa yunivesite ya McGill ku Montreal m'dziko la Canada. Inkangofufuza mayina a mafayilo. Mawebusaiti atayamba kuchuluka, kunabwera WebCrawler ndi Lycos mu 1994, kenako AltaVista mu 1995. Makina oyambirirawa ankadalira kwambiri mawu amene mwini tsamba walemba. Tsamba lobwereza liwu kambiri linkaoneka ngati lofunika, choncho anthu anayamba kudzaza masamba awo ndi mawu obwerezabwereza. Dzina loti SEO linayamba kufala cha m'ma 1997.

Larry Page ndi Sergey Brin, amene ankaphunzira pa yunivesite ya Stanford ku California, anabwera ndi njira ina yotchedwa PageRank. Njirayi imatenga linki iliyonse ngati voti. Tsamba limene masamba ena ambiri akulilozera limatengedwa kuti ndi lofunika, ndipo voti ya tsamba lodalirika imalemera kuposa ya tsamba losadziwika. Awiriwa anayambitsa kampani ya Google mu 1998. Posakhalitsa anthu anayamba kugulitsana malinki ndi kupanga mawebusaiti ongolozerana okhaokha.

Kuyambira pamenepo Google yakhala ikusintha masanjidwe ake pofuna kutseka mipata yachinyengo. Mu November 2003 kusintha kotchedwa Florida kunagwetsa mawebusaiti ambiri amalonda. Mu 2005 Google, Yahoo ndi Microsoft anagwirizana za chizindikiro cha nofollow, chimene chimauza makina kuti linki inayake isawerengedwe ngati voti. Mu 2009 Google inalengeza kuti sigwiritsa ntchito mndandanda wa mawu obisika wotchedwa meta keywords posanja masamba. Mu February 2011 kunabwera Panda, kusintha kolimbana ndi masamba osazama ndi ongokopera za ena. Mu April 2012 kunabwera Penguin, kolimbana ndi malinki achinyengo. Mu 2014 Google inanena kuti mawebusaiti otetezedwa ndi HTTPS aziganiziridwa posanja, ndipo kuyambira pa 21 April 2015 masamba owerengeka bwino pa foni anayamba kukwezedwa pa zotsatira za pa foni. Mu 2019 inayamba kugwiritsa ntchito BERT, pulogalamu yothandiza kumvetsa tanthauzo la chiganizo chonse. Mu March 2024 inaika malamulo atsopano okhudza masamba ochuluka opangidwa pongofuna kukwera pa mndandanda, ndipo mu May chaka chomwecho inayamba kuonetsa mayankho achidule olembedwa ndi AI pamwamba pa zotsatira ku United States.

Njira zovomerezeka

Kusankha mawu ofufuzira. Ntchito imayamba ndi kudziwa mawu amene anthu amalemba akamafuna chinthu. Mwini webusaiti nthawi zambiri amaganiza za dzina la bizinesi yake, pamene wofufuza amaganiza za vuto lake. Mlendo wofuna kukwera phiri la Mulanje kudzera ku Fort Lister sadziwa dzina la malo ogona alendo aliwonse a ku Phalombe. Iye amalemba zofuna zake, monga malo ogona pafupi ndi Fort Lister kapena njira yopita ku Sombani. Mawu aatali ndi achindunji oterewa amafufuzidwa ndi anthu ochepa, koma mpikisano wake ndi wochepanso, ndipo owalemba amakhala kuti akudziwa chimene akufuna. Mawuwa amapezeka pomvetsera mafunso a makasitomala, poona zimene Google imalozera munthu akayamba kulemba, komanso pogwiritsa ntchito Google Trends ndi Google Search Console.

Zolembedwa zothandiza. Tsamba lililonse lizikhala ndi nkhani imodzi ndipo liziyankha funso mokwanira. Tsamba la gulu la alimi ogulitsa nandolo liyenera kunena mtundu wa nandoloyo, miyezi imene amapezeka, kulemera kwa thumba, kumene kuli nkhokwe ndi njira yolumikizirana nawo. Google imalimbikitsa zinthu zinayi zimene zimafupikitsidwa kuti E-E-A-T: wolemba akhale kuti anazionadi zimene akunena, akhale wodziwa nkhaniyo, akhale wodziwika pa ntchitoyo, ndipo akhale wodalirika. Nkhani za umoyo, ndalama ndi chitetezo cha anthu zimayang'aniridwa kwambiri chifukwa uthenga wolakwika ukhoza kuvulaza munthu. Kulemba dzina la wolemba, tsiku lolembera ndi adiresi ya bungwe kumathandiza owerenga kukhulupirira tsambalo.

Mutu ndi mawu ofotokozera. Mutu wa tsamba ndi umene nthawi zambiri umaoneka ngati mzere woyamba pa zotsatira. Uzikhala wosiyana pa tsamba lililonse ndiponso waufupi, chifukwa mutu wopitirira zilembo pafupifupi 60 umadulidwa. Mawu ofotokozera amene amaoneka pansi pa mutu sakweza tsamba mwa iwo okha, koma amathandiza munthu kusankha ngati atsegule kapena ayi. Chithunzi chilichonse chizikhala ndi mawu ofotokoza zimene zili pa chithunzipo. Mawuwa amathandiza makina komanso anthu a vuto la kuona amene amagwiritsa ntchito mapulogalamu owawerengera.

Malinki. Masamba a webusaiti imodzi azilozerana kuti owerenga ndi makina asasochere. Malinki ochokera kwina amathandiza akakhala ochokera ku mawebusaiti odalirika ndi okhudzana ndi nkhaniyo, monga nyuzipepala, sukulu, mpingo kapena bungwe limene mwini webusaiti amagwira nalo ntchito. Linki imodzi yotere imaposa malinki mazanamazana ochokera ku masamba opanda ntchito. Linki yolipiridwa ngati yotsatsa malonda ndi yololedwa ngati yaikidwa chizindikiro cha nofollow kapena cha sponsored, chimene Google inayambitsa mu 2019.

Zaukadaulo. Fayilo ya robots.txt, imene Martijn Koster anayambitsa mu 1994, imauza mapulogalamu oyendera masamba kumene akuloledwa kulowa. Kulakwitsa mzere umodzi m'fayiloyi kukhoza kutsekereza webusaiti yonse. Fayilo ya sitemap ndi mndandanda wa masamba amene mwini wake akufuna kuti apezeke. Chitetezo cha HTTPS chimapezeka mwaulere kudzera ku Let's Encrypt, ndipo kuyambira mu July 2018 pulogalamu ya Chrome imachenjeza anthu akatsegula webusaiti yopanda chitetezochi. Masiku ano Google imasunga ndi kusanja masamba potengera momwe akuonekera pa foni. Pa nkhani ya liwiro, imalangiza kuti gawo lalikulu la tsamba lizioneka pasanathe masekondi 2.5. Chimene chimachedwetsa masamba ambiri ndi zithunzi zolemera zimene zaikidwa osazichepetsa.

Kupezeka pa mapu. Bizinesi yokhala ndi malo enieni ikhoza kulembetsa mwaulere pa Google Business Profile kuti izioneka pa Google Maps. Posanja malo, Google imayang'ana zinthu zitatu: kugwirizana ndi funso, mtunda, ndi kutchuka kwa malowo. Dzina, malo, nambala ya foni ndi nthawi yotsegulira ziyenera kukhala zofanana paliponse pamene zalembedwa.

Njira zachinyengo ndi kuopsa kwake

Kudzaza mawu ndi kubwereza liwu limodzi kambirimbiri kapena kuika mndandanda wa mayina a malo popanda chifukwa. Tsamba longolemba kuti Phalombe, Migowi, Chiringa, Chitekesa mobwerezabwereza silithandiza wowerenga, ndipo makina a masiku ano amalizindikira.

Mawu obisika ndi mawu olembedwa mwa mtundu wofanana ndi wa tsamba, monga oyera pa tsamba loyera, kapena ang'onoang'ono kwambiri, kuti makina awawerenge koma munthu asawaone.

Cloaking ndi kuonetsa makina tsamba lina n'kuonetsa anthu tsamba linanso. Mwachitsanzo makina amaona nkhani ya maphunziro pamene munthu akatsegula amapeza zotsatsa juga.

Masamba olowera ndi masamba ambiri ofanana amene amangosiyana dzina la malo, ndipo onse amatumiza munthu ku tsamba limodzi. Kampani ya mumzinda ikhoza kupanga tsamba la boma lililonse la m'Malawi ngakhale ilibe ofesi kapena ntchito iliyonse kumeneko.

Malinki ogula ndi osinthana ndi malinki amene amaikidwa pongofuna kukweza tsamba. M'gululi muli kugula malinki ochuluka pa mtengo wotsika, kupanga mawebusaiti ambiri a munthu mmodzi kuti azilozerana, ndi kumwaza malinki m'malo amene aliyense amaloledwa kulembapo.

Kukopera ndi kuchulukitsa masamba ndi kutenga zolemba za ena n'kuziika ngati zako, kapena kupanga masamba mazanamazana opanda phindu kwa wowerenga. Google imati chimene imayang'ana ndi cholinga ndi ubwino wa zolembazo, kaya zalembedwa ndi munthu kapena ndi AI. Nkhani zomasuliridwa ndi makina popanda munthu woziwerenganso zikhoza kugwa m'gulu lomweli zikachulukitsidwa mwa njira imeneyi.

Kugwiritsa ntchito dzina la webusaiti lotha nthawi kumachitika pamene bungwe laiwala kulipira dzina la webusaiti yake, wina n'kuligula ndi kuikapo zinthu zosagwirizana ndi ntchito yakale, podalira mbiri yabwino ya dzinalo. Sukulu kapena bungwe lachifundo likhoza kupeza kuti dzina lake lakale likutsatsa juga kapena mankhwala okayikitsa.

Kuthyola mawebusaiti a ena ndi njira yoipitsitsa. Akuba amalowa m'webusaiti yosasamalidwa, makamaka imene ikugwiritsa ntchito WordPress yakale kapena mawu achinsinsi osavuta, n'kubisamo malinki ndi masamba awo. Mwini wake amatha miyezi osadziwa, mpaka tsiku limene wina wamuuza kuti dzina la bungwe lake likuoneka pa Google ndi mawu achilendo.

Ndemanga zabodza ndi zimene mwini bizinesi amalemba yekha, kugula kapena kulembetsa anthu amene sanafikepo pa malowo. Google imazichotsa ikazipeza ndipo ikhoza kuletsa malowo kulandira ndemanga zatsopano.

Zilango

Zilango zili mitundu iwiri. China chimachitika chokha, pamene makina atsitsa tsamba kapena kusiya kuwerengera malinki ake popanda kudziwitsa aliyense. China chimaperekedwa ndi munthu wogwira ntchito ku Google ataunika webusaitiyo. Ichi chimatchedwa manual action ndipo mwini webusaiti amalandira uthenga mu Search Console. Akakonza cholakwikacho amapempha kuti aunikidwenso. Kuyambira mu October 2012 pali chida chotchedwa disavow chokanira malinki oipa, koma Google imalangiza kuti chigwiritsidwe ntchito mosamala, makamaka ndi anthu amene anagulapo malinki.

Makampani akuluakulu analangidwapo. Mu February 2006 Google inachotsa webusaiti ya BMW ya ku Germany chifukwa cha masamba olowera, ndipo inabwezeretsedwa patapita masiku angapo masambawo atachotsedwa. Mu February 2011 nyuzipepala ya New York Times inaulula kuti sitolo ya J. C. Penney ya ku United States inali pa nambala 1 pa mawu ambiri ogulira zinthu chifukwa cha malinki ochuluka oikidwa pa masamba osagwirizana ndi malonda ake. Google itachitapo kanthu, mawu ena anatsika kuchoka pa nambala 1 kufika kupitirira nambala 60. Kampaniyo inati sinkadziwa za malinkiwo ndipo inathetsa mgwirizano ndi kampani imene inkaigwirira ntchito ya SEO. Mu January 2012 Google inatsitsa tsamba lake lomwe la Chrome kwa masiku 60 chifukwa cha zotsatsa zolipiridwa zimene zinaphwanya malamulo ake. Nkhanizi zimaonetsa kuti chilango chimagwera mwini webusaiti ngakhale chinyengocho achite ndi munthu wolembedwa ganyu. Makampani akuluakulu amabwerera msanga chifukwa ali ndi akatswiri ndi ndalama, pamene bizinesi yaing'ono ikhoza kutaya dzina limene yalimanga kwa zaka.

Ku Malawi

Mayina a mawebusaiti a ku Malawi amathera ndi .mw, ndipo pali magulu monga .ac.mw a masukulu a ukachenjede, .gov.mw a boma, .co.mw a makampani ndi .org.mw a mabungwe. Kwa zaka zambiri kalembera wa mayinawa wakhala akuyendetsedwa ndi Malawi SDNP ya ku Blantyre. Dzina lothera ndi .mw limauza makina kuti webusaitiyo ikulunjika kwa anthu a ku Malawi. Bungwe loyang'anira za mauthenga m'dziko muno ndi MACRA.

Anthu ambiri amene amagwiritsa ntchito intaneti m'Malawi amadzera pa foni, pa netiweki ya TNM kapena Airtel, ndipo amagula mabandulo. Tsamba lolemera limadya bandulo ya wowerenga, ndipo kumene netiweki ili yofooka silitseguka n'komwe. Ambiri amagula mabandulo a WhatsApp ndi Facebook okha chifukwa ndi otsikirako mtengo, choncho mabizinesi ang'onoang'ono ochuluka amatsatsira komweko. Tsamba la Facebook lotsegukira aliyense likhoza kuoneka pa Google, koma mauthenga a pa WhatsApp saonekako. Wogula wa ku Blantyre kapena wa kunja amene sali m'gulu la WhatsApp la wogulitsa sangamupeze pofufuza.

Njira zina zachinyengo zimaphwanyanso malamulo a dziko. Kulowa m'kompyuta kapena m'webusaiti ya wina popanda chilolezo ndi mlandu pansi pa lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016. Kukopera ntchito ya wina kumakhudzana ndi lamulo la Copyright Act la 2016, ndipo kutsatsa konamiza ogula kumayang'aniridwa ndi bungwe la Competition and Fair Trading Commission.

Chilankhulo

Masamba a Chichewa pa intaneti ndi ochepa poyerekeza ndi a Chingerezi. Izi zikutanthauza kuti mafunso ambiri a Chichewa alibe mayankho abwino, komanso kuti tsamba lolembedwa bwino likhoza kukwera popanda mpikisano waukulu. Chizindikiro cha chilankhulochi pa makompyuta ndi ny, ndipo webusaiti yokhala ndi Chichewa ndi Chingerezi iyenera kupatsa chilankhulo chilichonse tsamba lakelake. Google Translate inayamba kumasulira Chichewa mu December 2014, koma zomasulira zake zimafunika munthu wodziwa chilankhulo kuti aziwongole.

Chichewa chili ndi zovuta zake pa kufufuza. Liwu limodzi limasintha maonekedwe chifukwa cha aphatikiri, monga kugula, ndagula, sitinagule. Mawu ena ali ndi matanthauzo awiri: munthu wolemba kuti mtengo wa nandolo akhoza kukhala akufunsa za ndalama kapena za chomera. Kalembedwe kamasiyananso, monga mawu ndi mau, ndipo chilankhulo chomwechi chimatchedwa Chichewa ku Malawi ndi Chinyanja ku Zambia ndi ku Mozambique. Anthu ambiri amasakaniza Chichewa ndi Chingerezi m'funso limodzi. Wolemba wabwino amagwiritsa ntchito mawu amene anthu amalankhuladi ndipo amafotokoza momveka kuti tanthauzo lisasokonekere.

Chitsanzo cha boma la Phalombe

Phalombe ndi boma la m'chigawo cha kummwera limene linapatulidwa ku Mulanje mu 1998. Pa kalembera wa 2018 linali ndi anthu oposa 400,000, ambiri mwa iwo alimi a m'midzi, ndipo mtundu waukulu ndi wa Alomwe. Lili m'malire ndi Mozambique, ndipo kumpoto kwake kuli nyanja ya Chilwa. Zinthu zimene munthu wakutali angafufuze za bomali ndi monga phiri la Michesi, malo a Fort Lister amene anamangidwa mu 1893 pofuna kuletsa malonda a akapolo odutsa pakati pa Michesi ndi Mulanje, chipatala ndi sukulu ya anamwino ya Holy Family, nsomba za ku Chilwa, komanso mbewu monga nandolo, mpendadzuwa, mapira ndi mpunga.

Mayina a malo a kuno amalembedwa mosiyanasiyana. M'mabuku akale Phalombe imalembedwa Palombe, phiri la Michesi ena amalemba Mchese, ndipo nyanja ya Chilwa imapezekanso ngati Chirwa kapena Shirwa. Tsamba likhoza kugwiritsa ntchito kalembedwe kofala n'kutchula kenako kamodzi m'chiganizo chomveka. Kuika mitundu yonse pa mzere uliwonse kungakhale kudzaza mawu.

Vuto lina ndi la maadiresi. Malo ambiri a m'bomali alibe dzina la msewu kapena nambala ya nyumba, ndipo anthu amalondolerana potchula msika, sukulu, mpingo kapena mlatho. Mwini bizinesi ayenera kuika chizindikiro cha pa mapu ataima pa malo enieniwo, ndipo akhoza kugwiritsa ntchito Plus Code, nambala imene Google Maps imapereka ku malo alionse ngakhale opanda adiresi. Ndi bwinonso kulemba malangizo a njira m'mawu, monga kuchokera ku Migowi kapena ku Chiringa, komanso kunena ngati msewu umadutsika nthawi ya dzinja.

Uthenga wolondola umafunika kwambiri nthawi ya ngozi. Bomali linakhudzidwa ndi napolo wa mu March 1991 amene anatsika m'phiri la Michesi, komanso ndi namondwe wa Freddy mu March 2023 amene anawononga kwambiri madera monga Nkhulambe. Pa nthawi zoterezi achibale a kutali amafufuza dzina la boma kapena la mudzi kuti amve zimene zachitika. Webusaiti ya sukulu, chipatala kapena bungwe imene ili yopepuka, yolembedwa tsiku ndiponso yolozera ku nthambi ya boma yoona za nyengo ndi ya DoDMA imathandiza anthu otere. M'maiko ambiri ngozi zikachitika pamabukanso masamba onyenga opempha ndalama m'dzina la okhudzidwa, ndipo amagwiritsa ntchito njira zachinyengo zomwezi kuti aoneke pamwamba. Bungwe loona limene lili ndi webusaiti yodziwika kale limachepetsa mpata wa anthu otere.

Kulemba ntchito katswiri ndi kuyeza zotsatira

Google imanena poyera kuti silandira ndalama kuti ikweze tsamba pa zotsatira zaulere, ndipo palibe munthu amene angatsimikize kuti webusaiti ifika pa nambala 1. Inanenaponso kuti nthawi zambiri pamatenga miyezi inayi mpaka chaka kuti phindu la ntchito ya SEO lioneke. Zizindikiro za katswiri wokayikitsa ndi monga kulonjeza nambala 1 m'masiku ochepa, kunena kuti ali ndi ubale wapadera ndi Google, kugulitsa malinki ochuluka, ndi kukana kufotokoza zimene akuchita. Mwini webusaiti ayenera kuonetsetsa kuti dzina la webusaiti lalembetsedwa m'dzina lake kapena la bungwe lake, kuti mawu achinsinsi ali m'manja mwake, komanso kuti akudziwa tsiku limene dzinalo liyenera kulipiridwanso.

Zotsatira zimayezedwa ndi zida zaulere monga Google Search Console ndi Bing Webmaster Tools. Zidazi zimaonetsa mawu amene anthu analemba, kuchuluka kwa nthawi zimene tsamba linaoneka, anthu amene analitsegula, masamba amene sanasungidwe ndi chifukwa chake. Kulemba site: motsatizana ndi dzina la webusaiti pa Google kumaonetsa ena mwa masamba amene asungidwa, ndipo ndi njira yachangu yoonera ngati akuba abisamo masamba achilendo. Kwa bizinesi yaing'ono, muyeso wofunika kwambiri ndi chiwerengero cha anthu amene aimba foni, kutumiza uthenga kapena kufika pa malo atapeza bizinesiyo pa intaneti, ndipo izi zimadziwika pofunsa kasitomala aliyense watsopano kumene anamva za malowo.